Mwana akaba foni abweze foniyo, asakagone m'chitokosi



Timaguba chifukwa cha ulova ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, koma pali nkhani ina yomwe tikungoidutsa: zomwe dziko lino limachita ndi mwana akalakwa. Mnyamata wa zaka 15 akasolola foni pa depoti ya Lilongwe kapena mumsika wa Limbe, akapulumuka m'manja mwa anthu okwiya, chotsatira ndi chitokosi, kenako limandi. Mwini foni sabwezeredwa kanthu. Mwanayo amatuluka sukulu itamudutsa, ataphunzira umbava weniweni kwa akatswiri ake. Ndiye wapindula ndani pamenepa?

Ife tikufuna chilungamo chokonza zomwe zawonongeka. Wolakwa akhale pansi ndi wolakwiridwa, makolo ndi mkhalapakati alipo. Amve ndi makutu ake kuti foniyo ndi yomwe mayi uja amalandirira ndalama za geni yake. Avomere, apepese, abweze kapena agwire ntchito yolipira. Ena akuti uku n'kunyengerera mbava. Aise, kuyang'ana m'maso munthu amene wamubera n'kumulipira pang'onopang'ono ndi kowawa kuposa kungokhala m'selo kuwerenga masiku.

Njirayi si yachilendo. Pabwalo la mfumu, mbuzi zako zikadya chimanga cha mnzako umalipira, mawa n'kukumana pamaliro ngati anansi. Ku New Zealand adaika m'lamulo mu 1989 misonkhano ya mabanja pa milandu ya ana, potengera chikhalidwe cha Amaori.

Chopweteka n'chakuti malamulo tili nawo kale. Lamulo la 2010 la Child Care, Protection and Justice Act limalola kuti mwana wovomera mlandu waung'ono apatutsidwe, asalowe m'njira ya khoti ndi ndende. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wa anthu. Koma pitani ku Maula kapena ku Chichiri mukaone ngati mwapepuka. Lamulo lopanda ndalama, lopanda alangizi a zachisamaliro cha anthu okwanira, limangokhala pepala basi.

Kusukulu ndi chimodzimodzi. Ophunzira akaswa mawindo chifukwa cha chakudya choipa, sukulu imatsekedwa, aliyense alipire ndalama ya zowonongeka ngakhale amene anali mtulo, ochepa n'kuchotsedwa mayeso a MSCE ali pafupi. Palibe amene amafunsa kuti adadandaula kangati asanatole miyala. Kuswa katundu n'kulakwa, ife sitikuikira kumbuyo ayi. Koma woswayo akhale pamaso pa anzake, aphunzitsi ndi komiti ya makolo, agwire ntchito yokonza zomwe waswa, nawonso akuluakulu a sukulu ayankhe za nyemba zofumbwa zija. Kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo mwana womuthamangitsa sukulu mumuwongolera kuti?

Tinene mosabisa pomwe njirayi imathera. Kugwiririra, kugona ndi mwana, kumenya mkazi mpaka kumuvulaza, imeneyo si milandu yothera pankhuku kapena pambuzi. Tikudziwa mabanja omwe amakakamiza mtsikana kukhululuka kuti amalume asamangidwe. Kumeneko n'kubisa mlandu, ndipo wopalamulayo apite kukhoti. Wolakwiridwa akakana kukumana ndi womulakwira, wakana, asamukakamize. Kukambirana kwa m'banja n'kwa nkhani ngati chithandizo cha ana banja likatha, kapena mwana wothawira mumsewu amene akufunika kubwerera kwawo.

Choncho tikupempha apolisi kuti mwana akamangidwa aitane makolo ndi alangizi tsiku lomwelo, ndipo asamugoneke limodzi ndi akuluakulu. Unduna wa zamaphunziro uletse kuchotsa wophunzira asanamvedwe mbali yake. Aphungu aike ndalama za ntchitoyi mu bajeti, ndipo tidzawafunsa mmodzimmodzi.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Ukamva "wakubaaa!" mutauni, usakhale woyamba kutola mwala kapena kufunafuna tayala ndi petulo. Sitingamadandaule nkhanza za apolisi uku tikuwotcha ana a anzathu chifukwa cha foni.

Gawani uthengawu m'magulu a kudera kwanu, ndipo muuwerengerenso makolo kunyumba.