Pogula kompyuta tifunse za m'kati mwake

Masiku ano si zachilendo kupeza banja pa Jenda, pa Lunzu kapena pa Mponela lili ndi mafoni atatu, laputopu ya mwana wa ku koleji ndi ka MiFi kolumikiza zonsezi ku intaneti. Ichi n'chitukuko ndipo tikuyamikira. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambirife sitifunsa pogula zipangizozi, chomwe ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo imene akatswiri amaitcha operating system.

Tikamagula laputopu ya kaunjika timangoona batire, sikirini ndi mtengo. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina ambiri otere amabwera ndi Windows 10, ena mpaka Windows 7. Kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo pa 14 Okutobala 2025 idalekanso Windows 10, kupatula kwa amene adalembetsa mwapadera kuti awaonjezere nthawi. Kompyuta yotere imayakabe bwinobwino, koma mipata imene mbava za pa intaneti zikutulukira siitsekedwanso.

Choopsa n'chakuti vutoli silithera pa makina amodzi. Nsomba ikaola imodzi ndiye kuti zonse zaola. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry idafalikira m'maiko pafupifupi 150, kudumpha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, mpaka zipatala zina za ku Britain zidabweza odwala. Idagwira makina amene adalibe chigamba chomwe Microsoft idatulutsa kale mu Malichi chaka chomwecho. Pakhomo zomwe zingatayike ndi kaundula wa ngongole za pa golosale, ntchito ya mwana ya kusukulu ndi zithunzi za banja.

Ndiye titani? Amene akugula lero afunse ngati makinawo angayendetse Windows 11, yomwe imafuna RAM yosachepera 4GB, malo osungira a 64GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Wogulitsa akayamba kuzemba funsoli, ndalama ibwerere m'thumba.

Amene muli kale ndi kompyuta yakale musaitaye. Ubuntu ndi Linux Mint ndi zaulere, n'zololedwa ndi lamulo, ndipo zimayenda pa makina ambiri amene Windows 11 imawakana. Ubuntu, imene idayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ili ndi mtundu wa LTS womwe umasamalidwa kwa zaka 5. Kulemba kalata, kuwerengera ndalama ndi kuyenda pa intaneti zonse zimatheka. Komabe funsani kaye, chifukwa mapulogalamu ena a kuntchito ndi kusukulu amafuna Windows basi.

Chimene tikukana ife ndi Windows yakuba imene amisiri ena amaika pa mtengo wozizira. Palibe akudziwa kuti m'katimo adabisamo chiyani.

Mafoni a Android nawonso asaiwalidwe, poti m'menemo ndimo muli Airtel Money ndi Mpamba. Uthenga wa update ukabwera, tisaukanize kaamba koumira bandulo. Pasiwedi ya MiFi imene idabwera ndi kachipangizoko isinthidwenso.

Makolo, sikofunika kuti mukhale akatswiri. Funso ndi limodzi, ndipo aliyense angathe kulifunsa: kodi amene adapanga pulogalamuyi akuisamalirabe?