Za makilogalamu mulibemo m'Mawu a Nzeru

Mayi inu a ku Ndirande, kalata yanu ndaiona. Mwati mudasiya kupita kutchalitchi chifukwa amayi anzanu a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza amakunenani kuti mwanenepetsa, ati simusunga Mawu a Nzeru. Pepani ndithu.

Koma tamverani. Lamulo lomwe Joseph Smith adapereka ku Kirtland mu 1833 limaletsa mowa, fodya ndi zakumwa zotentha, zomwe mpingowo umati ndi tiyi ndi khofi. Limalimbikitsa mbewu monga tirigu, zipatso ndi masamba, nyama pang'ono chabe. Za makilogalamu mulibemo. Ndipotu omwewo, mutati muonde mawa, ayambanso kunong'onezana kuti mukudwala!

Chomwe ndikupempheni n'chakuti mukayezetse BP ndi shuga kuchipatala. Mukatero dzalani ndiwo. Mu 1976 mtsogoleri wa mpingo wanu, Spencer W. Kimball, adalangiza kuti ngakhale osowa malo adzale m'miphika. Thirani dothi ndi manyowa m'matumba akale a feteleza, mpiru ndi bonongwe zimera pakhonde pomwepo. Mafuta ophikira chepetsani, nsinjiro zilipo.

Lamulungu likudzali valani chitenje chanu chabwino chija, mukakhale pabenchi yakutsogolo.