Opaleshoni ya Pansi pa Chibade M'nyengo ya Mliri: Chitetezo Chiyambira ku Chiponde

Munthu wa ku Chiponde, pa malire a dziko lino ndi Mozambique m'boma la Mangochi, akagwidwa ndi nthenda ya m'mutu yofuna mpeni wa dotolo, ulendo wake ukhala wautali ndithu. Adutsa pa Namwera, natsika mapiri a Chowe, naoloka Shire kufika pa chipatala cha Mangochi. Pochoka pamenepo atumizidwa ku Zomba, kapena ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre, kumene kuli akatswiri a opaleshoni ya ubongo. Pa ulendo wonsewo akhudzana ndi oyendetsa galimoto, anamwino ndi odwala anzake. Tsono m'nyengo ya mliri wa nthenda yofala popuma, monga unaliri wa Covid-19, funso likhala ili: kodi munthuyu achiritsidwa bwanji popanda kudwalitsa omchiritsa?

Vuto lake ligona apa. Pansi pa chibade, kuseri kwa mphuno, pali kachiwalo kochepa ngati nsawawa kotchedwa pituitary, ndipo pamwamba pake padutsa mitsempha ya maso. Chotupa chikamera pamenepo chipsinja mitsemphayo, kotero kuti munthu ayamba kusaona za m'mbali, ndipo pambuyo pake akhoza kuchita khungu. Madotolo a masiku ano amachotsa chotupa chotere polowera m'mphuno ndi kachitsulo kokhala ndi kamera, osang'amba mutu iai. Koma m'mphuno ndi kukhosi ndimo mmene kachirombo ka korona kamachuluka, ndipo poboola fupa pamatuluka timadontho tosaoneka ndi maso timene onse ali m'chipindamo akhoza kupuma.

Mu January 2020, ku Wuhan m'dziko la China, wodwala wina anachitidwa opaleshoni yotereyi asanadziwike kuti ali ndi kachiromboka, ndipo antchito 14 a pachipatalapo anadwala. Mbiriyi itamveka, zipatala zambiri za maiko akunja zinaimitsa opaleshoni ya m'mphuno. Pambuyo pake madotolo a komweko analongosola kuti odwalawo anali makamaka aja amene anamsamalira munthuyo m'chipinda chogona odwala, asanavale zodzitetezera zokwanira. Phunziro lake nlakuti choopsa chachikulu ndicho kusadziwa kuti wodwala ali ndi kachirombo, pakuti osadziwa sadzitchinjiriza.

Dziko lino linaona mliriwo ndi maso ake. Odwala oyamba anapezeka pa 2 April 2020, ndipo pa 12 January 2021 nduna ziwiri za Boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Madotolo a ubongo m'Malawi muno ngowerengeka. Mmodzi akagona pa mphasa, odwala a maboma ambiri asowa kolowera. Chifukwa chake kuwateteza ndi nkhani ya mtundu wonse.

Pali ena amene anena kuti nzeru ndiyo kutseka zipinda za opaleshoni kufikira mliri utatha. Maganizo amenewa aoneka ngati ochenjera, koma ngolakwa. Mliri wa Covid-19 unakhala zaka zitatu, pamene mtsempha wa diso wopsinjidwa sungapirire nthawi yotere. Ukafa wafa, ndipo madzi akatayika saoleka. Njira yoyenera ndiyo kusankha odwala mosamala. Amene chotupa chake chikula pang'onopang'ono, maso ali bwino, ayembekeze, koma aziyesedwa maso kawirikawiri. Zotupa za mtundu wina, zotchedwa prolactinoma, zimaphwa ndi mankhwala akumwa monga bromocriptine. Koma amene maso ake ali kuzima msanga, kapena chotupa chatulutsa magazi m'kati, asachedwetsedwe konse.

Kwa wotereyu malamulo ake ngodziwika. Ayesedwe kachirombo asanalowe m'chipinda cha opaleshoni. Onse ogwira ntchito avale zophimba pakamwa zolimba za N95, zotchinga maso ndi mikanjo. M'chipindamo mukhale anthu ofunika okhaokha, ndipo kuboola fupa kuchepe monga kungathekere. Akapezeka ndi kachirombo, ndipo nkosatheka kuyembekeza, dotolo akhoza kusiya njira ya m'mphuno nalowera pa chibade. Anamwino a m'chipinda chogona odwala atetezedwe chimodzimodzi, pokumbukira za ku Wuhan zija.

Zonsezi zichitika mu mzinda, koma chiyambi chake chiri kumudzi. Wogwira ntchito pa chipatala chaching'ono cha ku malire akalemba bwino m'kalata yotumizira wodwala kuti ali kutsokomola, thupi latentha, kapena wachokera kutsidya, wapulumutsa anzake a ku Blantyre. Palinso chenjezo lina. Munthu wogwa pa njinga yamoto ya kabaza akhoza kusweka pansi pa chibade, ndipo chizindikiro chake ndi madzi oyera otuluka m'mphuno kapena m'khutu. Ameneyu asalowetsedwe kamtengo koyesera kachirombo m'kati mwa mphuno, pakuti kakhoza kupyola pa fupa loswekalo, ayesedwe kukhosi.

Aphunzitsi nawonso ali ndi gawo lao. Mwana kapena kholo lodandaula mutu wosaleka ndi maso ochita chidima lilangizidwe kupita ku chipatala msanga, ngakhale pa nthawi ya mliri, ndiponso kunena zoona pofunsidwa za chifuwa. Wobisa chifuwa poopa kubwezedwa aika m'tsoka dotolo yemweyo amene afuna kuti amchiritse.

Bungwe la World Health Organization linalengeza pa 5 May 2023 kuti Covid-19 yaleka kukhala ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi, ndipo chaka chomwecho Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery inayamba kulandira odwala pa Kamuzu Central Hospital. Kumeneku ndi kupita patsogolo koyenera kuyamikidwa. Koma mliri wina udzafika, ndipo sudzapereka chidziwitso. Nthawi yosunga zovala zodzitetezera, yophunzitsa antchito a m'zipatala za ku malire, ndi yolemba ndondomeko yosankhira odwala ndi ino, pamene kuli bata, kuti wa ku Chiponde asadzataye maso ake poyembekeza mliri kutha.