Mwakopera kapena mwasamutsa?

M'maofesi mwathu muli mlandu umodzi umene sutha kuzengedwa: fayilo ija yapita kuti? Mlembi amalumbira kuti dzulo inali pa desikitopu. Akawuntanti amati iwo sanaikhudze n'komwe. Abwana, pofuna kuti nkhani ithe, amagamula kuti kompyutayo yalowa vayirasi, aitanidwe mnyamata wokonza. Koma nthawi zambiri vayirasi amangomunamizira. Chimene chinachitika n'chakuti wina anagwira fayiloyo ndi mausi, n'kuikoka, n'kuiponya kwina, iye akuti akukopera, pamene kompyuta inamva kuti isamutse. Mwinanso iye amafuna kusamutsa, iyo n'kukopera.

Lamulo lake ndi lalifupi, koma ndi ochepa amene anauzidwapo. Pa Windows, mukakoka fayilo kuchoka mufoda ina kupita mufoda ina pa disiki yomweyo, fayiloyo imasamuka, ndipo kumene inali simuipezakonso. Mukaikokera ku disiki ina, kaya ndi fulashi, memori khadi kapena kompyuta ya mnzanu yolumikizidwa pa netiweki, kompyuta imakopera, mafayilo n'kukhala awiri, ina uku ina uko. Makompyuta a Mac amatsata lamulo lomweli. Dzanja lanu lachita chinthu chimodzi, koma zotsatira zake zikudalira kumene fayilo yagwera.

Sikuti okonza makompyuta anangolota. Disiki ili ngati kope lalikulu la notsi lokhala ndi tsamba la zam'katimu koyambirira. Mukasamutsa fayilo m'kati mwa disiki yomweyo, kompyuta sikhudza notsizo. Imangofufuta mzere umodzi pa tsamba la zam'katimu n'kuulemba pansi pa mutu wina. N'chifukwa chake vidiyo ya ukwati ya 3 GB imasamuka musanaphethire. Koma disiki ina ndi kope lina. Kumeneko palibe kuchitira mwina, zonse ziyenera kulembedwanso kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mumaona kamzere kobiriwira kaja kakukwawa pa sikirini. Kusamutsira fayilo ku disiki ina ndi ntchito ziwiri: kukopera kaye, kenako kung'amba masamba oyamba aja. Okonza anaona kuti kung'ambako kusamachitike mwini wake asananene.

Poyamba sizinali chonchi. Kompyuta ya Xerox Star, imene inatuluka mu 1981 ndipo inali imodzi mwa zoyamba kugulitsidwa zokhala ndi tizithunzi ta mafoda ndi mapepala pa sikirini, inali ndi mabatani awiri osiyana pa kiyibodi, lina lolembedwa MOVE, lina COPY. Munthu ankasankha fayilo, n'kudina batani losonyeza chimene akufuna, n'kuloza kumene ipite. Panalibe zolosera. Macintosh ya kampani ya Apple itabwera mu 1984, kukoka ndi kuponya kunatchuka, chifukwa kunali kosavuta kuphunzira. Makinawo analibe disiki ya m'kati yosungira zinthu. Zonse zinkakhala pa timadisiki ta 400 KB tolowetsa ndi kutulutsa. Munthu wokokera fayilo ku kadisiki kena ankafuna kupatsa mnzake kapena kusunga ina yapadera, choncho kukopera kunali kwanzeru. Windows 95 itafika mu 1995 inayenda m'njira yomweyo, ndipo ife tinaipeza nkhaniyi itakhazikika kale.

Vuto langa ndi lamuloli n'lakuti limadalira chinthu chimene diso siliona. Pa sikirini ya Windows mafoda onse ndi achikasu, onse amafanana. Palibe chimene chimakuuzani msanga kuti iyi ili pa disiki iyi, iyo pa disiki ina. Malaputopu ambiri amene timagula kwa ogulitsa a kaunjika amabwera atagawidwa pawiri, C: ndi D:, ngakhale m'kati muli disiki imodzi. Kwa Windows amenewo ndi madisiki awiri, ndiye mukakoka kuchoka ku C: kupita ku D: imakopera. Munthu amene amafuna kupeza malo pa C: amakokera mafilimu ake onse ku D:, n'kudabwa kuti C: ikadali yofiira ndi kudzaza. Kwinaku foda ya OneDrive, imene anthu amaiona ngati ili kutali pa intaneti, kawirikawiri imakhala pa C: pomwepo. Mukakokeramo fayilo kuchoka mufoda ina ya pa C:, siikopera ayi, imasamutsa.

Ndinaima tsiku lina pa shopu yosindikiza mapepala pafupi ndi depoti, ndikudikira kuti anditulutsire kalata. Patsogolo panga panali mayi wina, mphunzitsi, atabwera ndi fulashi yokhala ndi mayeso a kumapeto kwa teremu. Mtsikana wa pa kompyutayo anakokera fayilo pa desikitopu, n'kuitsegula, ndipo mayiwo anawerama n'kuyamba kuloza ndi cholembera: funso lachitatu lakonzedwe apa, malikisi a gawo lachiwiri akhale 20 osati 25, dzina la sukulu likwere pamwamba. Anakonza kwa nthawi ndithu, mapepala n'kutuluka bwinobwino. Mayiwo atatenga fulashi yawo, anafunsa kuti, "Ndiye zonse zasintha mommuno, eti achemwali?" Mtsikanayo anavomera ndi mutu, maso ali kale pa kasitomala wina. Sizinasinthe. Zokonza zonse zinatsala pa desikitopu ya shopuyo, ndipo m'fulashimo munali mayeso akale aja ndi zolakwika zake. Panalinso china: mayeso amene ana anali asanalembe anatsala pa kompyuta imene aliyense wolipira amaigwiritsa ntchito.

Apa mpamene ndimasiyana ndi amene amati kukopera kulibe vuto chifukwa palibe chimene chimatayika. Zoona, kusamutsa mwangozi kumasowetsa fayilo, ndipo mtima umagunda. Koma fayiloyo imakhala ilipo, yangolowa mufoda yoyandikana nayo pamene dzanja linaterereka, ndipo kulemba dzina lake m'kabokosi kofufuzira kumaibweza. Kukopera mwangozi sikupweteka tsiku lomwelo. Kumabala mafayilo awiri a dzina limodzi, wina n'kukonza iyi, wina n'kukonza iyo. Pakutha pa mwezi bajeti ya ofesi ili patatu, yonse ikudzitcha yomaliza, ndipo pa msonkhano anthu akuwerenga manambala osiyana aliyense akukhulupirira kuti ake ndiwo olondola. Chisokonezo chotere chimadya nthawi yambiri kuposa fayilo yosochera.

Chosangalatsa n'chakuti kompyuta imanena chimene ikufuna kuchita, kungoti imanong'ona. Mukamakoka fayilo pa Windows, musanachotse chala, pansi pa kamuvi pamatuluka timawu. Tikakhala "Move to", ikusamutsa. Tikakhala "Copy to" ndi kachizindikiro kophatikiza, ikukopera. Pa Mac kophatikizako kamakhala m'kabwalo kobiriwira. Ngati zimene mukuwerenga si zimene mukufuna, dinani Esc chala chikadali pa mausi, ndipo zonse zimalekeka. Ngati mwaponya kale, pa Windows Ctrl ndi Z pamodzi zimabweza, bola muchite nthawi yomweyo.

Mungathenso kuilamula. Gwirani Ctrl pokoka, ikopera kulikonse kumene mukupita. Gwirani Shift, isamutsa. Pa Mac, Option ndi yokopera, Command ndi yosamutsira ku disiki ina. Chenjerani ndi Alt pa Windows: imeneyo imapanga shotikati, kafayilo kokhala ndi kamuvi pakona kamene kamangoloza kumene fayilo yeniyeni ili. Alipo ambiri amene anakwera minibasi ndi fulashi yokhala ndi shotikati yokhayokha, n'kukaitsegula kumene amapita, osapezamo kanthu. Yang'anani kukula kwake: lipoti la masamba 40 silingakhale 1 KB.

Koma njira imene ndimaikonda, ndipo ndimadabwa kuti siiphunzitsidwa, ndi kukoka ndi batani lakumanja la mausi m'malo mwa lakumanzere. Mukaponya, Windows sichita kanthu kaye. Imatulutsa kamndandanda kofunsa ngati mukufuna kukopera, kusamutsa kapena kupanga shotikati, inu n'kusankha. Palibe choloweza pamtima. Pulogalamu ya Dolphin, imene imayang'anira mafayilo pa makompyuta a Linux okhala ndi KDE, imafunsa chonchi ngakhale mukoke ndi batani lakumanzere. Ena amati kufunsidwa nthawi zonse n'kotopetsa. Ine ndimati akuluakulu anatiuza kale za safunsa ndi phula lake, ndipo sekondi imodzi yoyankha funso ndi yotchipa kuposa masana onse osaka fayilo.

Pa zinthu zimene simungazipezenso, monga zithunzi za maliro a agogo, kafukufuku wa digiri kapena kaundula wa ngongole za banki m'khonde, musasamutse n'komwe kupita ku disiki ina. Koperani, tsegulani zimene mwakoperazo muone ngati zikutseguka, kenako fufutani zoyambazo ndi dzanja lanu ngati n'kofunika. Kuno magetsi amatha kuzima ntchito ili pakati, ndipo kompyuta ya pa desiki yopanda batire imathima pomwepo. Mukayatsanso mumapeza mafayilo ena apita, ena atsala, ndipo muyenera kuwerenga imodziimodzi kuti mudziwe pamene zinalekera. Kumbukiraninso kuti chimene mwafufuta pa fulashi sichipita mu Recycle Bin ngati za pa kompyuta. Chimangopita. Ndiye fayilo imene mwaisamutsira pa fulashi ili pamalo amodzi okha, m'kachipangizo kamene kamagwa m'thumba, kamachapidwa limodzi ndi buluku ndiponso kamabwerekedwa osabwezedwa.

Pempho langa likupita kwa ophunzitsa makompyuta, m'masekondale ndi m'timasukulu ta m'matauni timene timapereka masatifiketi a miyezi itatu. Mumatha masabata pa kukongoletsa zilembo mu Word ndi kujambula matebulo, koma nkhani iyi, imene wophunzira adzakumana nayo tsiku loyamba pa ntchito, mumaidumpha. Ipatseni phunziro lake lonse. Wophunzira aliyense abwere ndi fulashi, akokere fayilo ku foda ina, kenako ku D:, kenako ku fulashiyo, ndipo asanachotse chala anene mokweza chimene chichitike. Amene walosera molondola katatu konse ndiye apite ku Word.