Ngodya ya Mabuku: Amasiye Atatu a ku Malabar Hill

Buku lomwe tasankha ulendo uno ndi "The Widows of Malabar Hill" lomwe adalemba m'Chingerezi ndi Mayi Sujata Massey, ndipo lidatuluka mu 2018. Nkhani yake ndi yopeka, yochitikira ku India mu mzinda wa Bombay, umene lero ndi Mumbai, m'chaka cha 1921.

Mwini fakitale ya nsalu, Omar Farid, wamwalira n'kusiya akazi atatu: Razia, Sakina ndi Mumtaz. Amayiwa amakhala mobindikira, saonana ndi amuna achilendo. Ku ofesi ya maloya a banjali kukufika kalata yoti onse avomera kupereka chuma chawo, ndi mahari omwe, ku wakf, thumba la ntchito zachifundo. Loya wachitsikana, Perveen Mistry, akuona kuti mmodzi wangolemba X posaina. Kodi munthu wosadziwa kuwerenga adamvetsa chomwe amavomera? Poti Perveen ndi mkazi, akumulola kulowa kwa amayiwo kukawafunsa maso ndi maso. Posakhalitsa mkulu woyang'anira nyumbayo akupezeka ataphedwa. Adamupha ndani? Mukadzionere nokha.

Perveen si wapolisi, komanso si Msilamu, ndi wa mtundu wa Parsi. Pomuumba, mlembi adatengerako moyo wa Cornelia Sorabji, mmodzi mwa akazi oyamba kuphunzira zamalamulo ku India. Chomwe chatikomera n'chakuti polimbana ndi akuba, Perveen akugwiritsa ntchito malamulo a Chisilamu omwewo. Mahari ndi a mkazi, palibe womukakamiza kuwapereka. Surah An-Nisa imapatsanso amasiye gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a chuma ngati malemu adasiya ana. Amayi atatuwa ufulu adali nawo, koma panalibe wowawerengera mapepala. Amene adaonapo achibale akunyamula ngalawa ndi maukonde a malemu, mayi asanamalize n'komwe eda, amva msanga chimene bukuli likunena.

Pofooka palipo. Mitu yobwerera m'mbuyo yofotokoza banja lowawa la Perveen ku Calcutta ndi yambiri, moti nthawi zina umaiwala za amasiye aja. Mitu imeneyi ikukhudzanso nkhanza za m'banja ndi zakumwezi, choncho makolo muyambe mwawerenga inu musanapatse ana. Chingerezi chake wa Fomu 3 angathe kutsatira.