Mchinji ili ndi a Lord Harris ake, ndipo ndi akuda ngati ife

Lord Harris wa ku England, amene anabadwa mu 1851 ndi kumwalira mu 1932, sanagwirepo khasu kuti adye. Malo a Belmont m'chigawo cha Kent anawapeza alipo kale, a makolo. Ena ankamulimira, iye n'kumasewera kiriketi: anali kaputeni wa timu ya Kent kwa zaka zoposa khumi, ndipo mu 1880 anatsogolera England pa bwalo la The Oval pokumana ndi Australia. Sankalandira malipiro pamasewerawo, ndipo anthu ankamutama kuti ndi njonda. Njonda ya chiyani? Munthu amene thukuta la ena likumudyetsa angafunirenji malipiro? Osewera osauka, amene kiriketi inali ntchito yawo, ankavalira m'chipinda china ndi kulowera pageti lina, ndipo tsankho limeneli linatha mu 1962. Atachoka pa ubwanamkubwa wa Bombay mu 1895, mkuluyu anadzakhala wapampando wa Consolidated Gold Fields, kampani ya migodi ya ku Joni, dziko limene agogo athu anakasiya mapapo.

Musaseke Angelezi. Yendani kuchokera pa Kamwendo kulowera kwa Mkanda, kapena kwa Dambe cha ku Kapiri, muwerenge maesiteti. Funsani kuti mwini wake ali kuti. Mlonda akuyankhani kuti bwana amakhala ku Lilongwe. Bwanayo sadziwa kumene malire a munda wake akuthera, koma mabowo a pa Lilongwe Golf Club amawadziwa onse pamtima.

Tinasintha dzina, Fort Manning n'kukhala Mchinji, koma mtima wa atsamunda tinausunga bwinobwino. Lamulo la malo la 1965 linalola kuti malo a mafumu asanduke a lizi, ndipo Kamuzu Banda analimbikitsa nduna zake, aphungu ndi akuluakulu a chipani kuti atsegule maesiteti. Iye mwini anali ndi Press Farming ndi General Farming. Fodya wa bale, amene anali ndi ndalama, mlimi wam'mudzi ankaletsedwa kulima mpaka cha mu 1990. Ndiye munthu wa kwa Mavwere akanatani? Anakhala tenanti pa dothi limene agogo ake anaikidwa. Ankalandira phoso pangongole, feteleza pangongole, ngakhale khasu pangongole. Mkazi ndi ana onse m'munda, kusoka fodya mpaka usiku m'zigafa. Mabelo akapita ku okushoni ku Kanengo, kapitawo n'kutsegula buku lake, tenanti n'kupezeka kuti ndiye ali ndi ngongole. Ngati limeneli si thangata limene John Chilembwe anafera mu 1915, wina andiuze dzina lake.

Inde, mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Pamapepala. Pitani m'zigafa nyengo ya fodya mukaone ngati lamulolo linakwera basi kufika kuno.

Chimene chimandiwawa kwambiri si esiteti yolimidwa. Amene akulimadi, kulemba anthu ntchito ndi kuwalipira pa mwezi, asiyeni alime. Ndikunena maesiteti ogona, amene fodya atagwa mtengo anasanduka tchire, zigafa zinagwa, thirakitala inachita dzimbiri pansi pa mtengo wa mango. Eni ake oyamba ambiri anamwalira. Ana awo, amene anaphunzira kunja ndi ndalama za fodya yemweyo, amabwera kamodzi pachaka, mvula ikayandikira, kudzatolera ndalama za lendi kwa anthu a m'midzi yoyandikana nayo amene akufuna ekala imodzi yodzala soya kapena mtedza. Ndiye kuti mwini nthaka akubwereka nthaka kwa mlendo! Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma lino muli anthu oposa 600,000. Achinyamata akusowa polima, ena akuwolokera ku Chipata kukagwira ganyu m'mafamu a ku Zambia, pamene mahekitala ali chigonere kuseri kwa waya.

Akalowa m'tchire limenelo ndi khasu, timawatcha olowerera malo a eni, apolisi n'kubwera ndi utsi wokhetsa misozi. Amene anasiya malo osalima zaka makumi awiri, lendi ya boma osalipira, lizi itatha kalekale, ameneyo timamutcha bwana, ndipo pamaliro timamupatsa mpando wakutsogolo.

Chaka cha chisankho chilichonse andale amafika pa Boma n'kulonjeza kuti malo ogona agawidwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sangagawe, chifukwa ambiri mwa iwo, kapena abale awo, ndiwo asunga mapepala a maesitetiwo.

A Unduna wa Malo, tulutsani mndandanda wa maesiteti onse a ku Mchinji: mwini wake, kukula kwake, tsiku lotha lizi, ndi ngongole yake ya lendi. Muumate pa ofesi ya DC kuti aliyense awerenge. Amene lizi yake inatha ndipo sakulima, malowo abwerere kwa mafumu, apatsidwe kwa anthu amene ali ndi makasu m'manja. Inu a Gogo Chalo Zulu, a Mlonyeni, a Mkanda ndi anzanu, lekani kusainira malizi atsopano anthu anu asanafunsidwe.