Pasipoti yakale si ya kudzala

Munthu akalandira pasipoti yatsopano ku Immigration, maso onse amakhala pa kabuku konyezimirako. Yakale ija, yomwe aidula pakona kapena kuiboola, amaiponya pansi pa sutikesi kumudzi, mwina ana n'kumaiseweretsa mpaka masamba kuthothoka. Komatu m'kabuku kothaithako mungakhale tsamba lodula kuposa pasipoti yatsopanoyo: viza ya ntchito, ya sukulu kapena yokhalira ndi banja, yomwe yatsala ndi zaka ziwiri kuti ithe. Pasipoti amapereka ndi boma lathu, viza amapereka ndi eni dziko lomwe munthu akupitako, ndipo chilichonse chili ndi tsiku lake lothera. Tsono tsiku lolandira pasipoti yatsopano ndi lomwenso munthu ayenera kuyamba kulongosola za viza yake, ndipo ofesi yopereka mapasipoti ili ndi udindo womukumbutsa zimenezi.

Vutoli silidikira kuti zaka khumi za pasipoti zikwane. Wokwera basi kuchokera ku Blantyre kupita ku Joni amadinditsa ku Mwanza, ku Zobue, ku Cuchamano, ku Nyamapanda ndi mbali zonse ziwiri za Beitbridge. Zidindo zisanu ndi chimodzi popita, zisanu ndi chimodzinso pobwera. Woyenda kawirikawiri masamba amamuthera pamiti yake idakali ndi mphamvu. Wina pasipoti imanyowa ndi mvula, wina amasintha dzina atakwatiwa. Onsewa amapezeka ndi nambala yatsopano ya pasipoti, pomwe makompyuta a dziko lomwe linawapatsa viza akudziwa nambala yakale.

Chosokoneza n'chakuti dziko lililonse lili ndi lamulo lake. America imalola munthu kulowa ndi mapasipoti awiri, yakale yokhala ndi viza ndi yatsopano, bola onse akhale a dziko limodzi komanso a mtundu umodzi, ndipo tsamba la viza lisaonongeke. Wapachipata amadinda m'yatsopanoyo n'kulembapo VIOPP, kusonyeza kuti viza ili m'buku lina. Koma wochenjeretsa amene angamatule vizayo n'kuimata m'pasipoti yatsopano waipha yekha. Ku Britain makhadi a chilolezo chokhalira m'dzikomo otchedwa BRP anatha pa 31 Disembala 2024, chilolezo tsopano chimakhala pa intaneti, ndiye mwini wake amayenera kulowa mu akaunti yake ya UKVI n'kulembetsa pasipoti yatsopanoyo asanayambe ulendo. Ku South Africa kuli njira yopemphera a Home Affairs, kudzera ku VFS Global, kuti asamutsire vizayo m'buku latsopano. Maiko atatu, njira zitatu, ndipo malangizo a mnansi amene anapita ku Texas sangathandize namwino wobwerera ku Leeds.

Amene amayamba kubweza munthu nthawi zambiri si wapachipata wa dziko la eni, koma wa kampani ya ndege pa Chileka kapena pa Kamuzu pomwe pano. Kampani ikanyamula munthu wopanda mapepala oyenera imalipitsidwa chindapusa komanso kumubweza ndi ndalama zake, choncho wogwira ntchito pakauntala akakaika amangokana. Tikiti yapsa, abwana kuntchito akudikira, sukulu yatsegulira. Ndipo viza ikatayika pamodzi ndi pasipoti yakale, ya America sailembanso: munthu amayambiranso kupempha, kulipira ndi kufunsidwa mafunso ku embase.

Ena anganene kuti kusiya mabuku awiri m'manja mwa munthu mmodzi n'kutsegulira akamberembere khomo. Nkhawayo ndi yomveka, koma pasipoti yodulidwa pakona ndi kufafanizidwa mu kompyuta siingatulutse munthu pachipata chilichonse payokha. Chimene chatsalamo ndi umboni wa chilolezo chomwe dziko lina linapereka, ndipo boma lathu lilibe mphamvu yochithetsa. Chofunika n'chakuti woboola ayambe watsegula masamba, aone ngati muli viza yamoyo, kuti chiboolero chisadutse pa chithunzi kapena pa mizere ya m'munsi yomwe makina amawerenga.

Enanso amati imeneyi ndi nkhani ya mwini ulendo, poti safunsa anadya phula. N'zoona, munthu afunse yekha ku embase kapena awerenge patsamba la boma lomwe linamupatsa viza asanagule tikiti, ajambulitse tsamba la vizayo, ndipo mapasipoti awiriwo aziyenda m'thumba limodzi. Koma munthu amafunsa chomwe akudziwa kuti n'chofunsa. Mmisiri wa ku Mangochi amene wapeza pamiti koyamba sangalote kuti kusintha kabuku kungamutsekere khomo, ndipo ofesi ikangokhala chete amene amayankha ndi dobadoba wa panja pa geti, yemwe amagulitsa bodza pamtengo wokwera. Ndalama zomwe anthu ogwira ntchito kunja amatumiza kuno ndizo zimalipira fizi, kugula feteleza ndi kukhoma malata. Kapepala kamodzi ka m'Chichewa ndi Chitumbuka, koperekedwa pamodzi ndi pasipoti iliyonse yatsopano, sikangaboole thumba la boma.

Palinso oganiza kuti maviza onse akapita pa intaneti vutoli litha lokha. Za ku Britain zikusonyeza kuti limangosintha nkhope: tsamba loti ling'ambike kulibe, koma woiwala kulembetsa nambala yatsopano akhoza kuimitsidwa pakauntala chimodzimodzi. Choncho funso loti "Kodi muli ndi viza ya dziko lina m'pasipoti yakaleyi?" liyenera kufunsidwa pa windo lililonse la Immigration ndi m'maofesi a akazembe athu ku Pretoria, London ndi Washington, lumo lisanakhudze pakona.